Kulumikiza mawaya osawotcherera: zitsulo ziwiri zikangokhudzana, chimachitika n'chiyani?

Aliyense amene adayesapo kupanga kanthu ka magetsi patebulo pake amaidziwa nthawi imeneyi. Mwalumikiza zonse monga chithunzi chikuonetsera, mwaika batire, koma kababu kangoti zii. Mwaunguzanso kawiri, katatu, cholakwika osachiona. Kenako chala chagunda waya wina mwangozi, kababu n'kuyaka. Kuchotsa chala, kazima. Apa ambiri timayamba kukayikira resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa), kukayikira IC (kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri), kukayikira pulogalamu imene talemba tokha, chonsecho mfiti yake ili poyera: pamalo pomwe zitsulo ziwiri zikukhudzana.

Amisiri okonza mawailesi ndi mafoni amalumikiza mawaya powotcherera. Amasungunula solder, chitsulo chofewa chosakaniza tin ndi mtovu chimene chimasungunuka pa madigiri a pakati pa 183 ndi 190, n'kumata nacho mawaya awiri kuti akhale chinthu chimodzi. Koma munthu wongophunzira, kapena woyesa ganizo limene sanalitsimikize, safuna ukwati wa mpaka imfa ndi waya aliyense. Lero akufuna resistor iyi, mawa ayese ina. Tizipangizo tambiri timachokera kutali, ku Johannesburg, ku Dar es Salaam kapena ku China, ndipo kamodzi komweko kayenera kugwira ntchito m'zinthu zisanu zosiyana. Chowotcherera nachonso chimafuna magetsi a m'nyumba, ndipo madzulo amene munthu wapeza mpata wokhala patebulo amakhala omwewo amene magetsi azima. N'chifukwa chake kudziwa kulumikiza osawotcherera ndi luso palokha.

Chimene maso saona

M'maso mwathu mwendo wa resistor ndi wosalala. Pa makina okulitsa zinthu umaoneka ngati munda wolimidwa kumene, mizere ndi makwawa okhaokha. Mukagundanitsa zitsulo ziwiri zili ngati mwatenga minda iwiri yotere n'kuvindikira umodzi pa unzake: imakhudzana pamwamba pa mizere pokha. Magetsi onse ayenera kupanikizana kuti adutse pa timalo tochepa timeneto. Mkuwa nawo ukakhalitsa pamphepo umavala kakhungu kopyapyala ka dzimbiri, kamene kamaudetsa kapena kuubiriwitsa, ndipo kakhunguka sikalola magetsi kudutsa bwino. Mafuta a m'zala, fumbi ndi chinyezi zimangowonjezera nsima pa mtanda.

Njira iliyonse yolumikizira popanda solder imachita zinthu ziwiri. Imapala dzimbiri pamene zitsulo zikulowana, kenako imazikanikiza kuti mizere ija iphwanyike, malo okhudzana akule, mpweya usalowenso pakati. Kusiyana kwa njirazi kuli pa funso limodzi: chikusunga kukanikizako n'chiyani mawa, mwezi wamawa, chaka chamawa? Pena ndi sipuling'i, pena ndi sikuluwu, pena ndi kukokeka kwa waya yemweyo. Pena palibe chilichonse, ndi chikhulupiriro chabe cha mwini wake.

Tiyeni tiike manambala, chifukwa ndi amene amaonetsa pomwe ngozi imayambira. Tinene kuti polumikizira pena n'polobodoka, ndipo pakutchinga magetsi ndi theka la ohm, muyeso wa kutchinga kotere. LED wamba, kababu kakang'ono kaja, imadya pafupifupi 10 mA (A, kapena kuti amp, ndi muyeso wa moto woyenda, ndipo 1000 mA ndi 1 A). Pa moto wochepa chotero, polumikizirapo pamataya 0.005 V, zimene palibe angazione. Tsopano pamalo pomwepo dutsitsanipo 2 A, moto umene kamota kapena pampu yaing'ono ingakoke. Pakutayika volt yathunthu, ndipo ngati mudayamba ndi 5 V, chipangizo chanu chikulandira 4 V. Choipa kwambiri n'chakuti mphamvu yotayikayo, 2 W, ikusanduka kutentha pamalo aang'ono ngati mutu wa singano. Resistor wamba ija ya mizere yamitundu idapangidwa kuti ipirire 0.25 W, apa tikunena za kasanu ndi katatu kuposa pamenepo. Kutentha kumafulumizitsa dzimbiri, kumafooketsa sipuling'i, kumafewetsa pulasitiki, polumikizirapo n'kulobodokeratu, kutentha n'kuwonjezeka. Moto ukawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Ndicho chifukwa kulumikiza kumene n'kwabwino pa kababu kamodzi kumatha kuwotcha nyumba pa batire la galimoto.

Thabwa lodulirapo buledi

Dzina loti breadboard, kabolodi kobayapo tizipangizo osawotcherera, lili ndi mbiri yoseketsa. M'zaka za m'ma 1920, anthu okonda kudzipangira mawailesi ku America ndi ku Britain ankatenga thabwa, nthawi zina lomwe lija lodulirapo buledi kukhitchini, n'kukhomapo misomali kapena masikuluwu, n'kumakulunga mawaya pa misomaliyo. Breadboard ya pulasitiki yoyera yokhala ndi timabowo imene tikuidziwa lero idakonzedwa mu 1971 ndi Ronald Portugal, wa kampani ya E&L Instruments ku America. Portugal apa ndi dzina la munthu, osati dziko la atsamunda a ku Mozambique lija.

Njira ya thabwa ndi misomali sidafe ayi, ndipo musaichitire manyazi. Thabwa louma, masikuluwu ndi timawashala zimakupatsani malo olumikizira olimba kuposa breadboard yotchipa: miyendo iwiri kapena itatu pansi pa washala, kumanga sikuluwu, basi. Mungathe kujambula circuit yonse ndi pensulo pa thabwa lomwelo, mwana n'kumaona ndi maso njira imene magetsi akuyenda. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, pomanga makina ake a mphepo ali ndi zaka 14, adapanga chodula magetsi pakachitika shoti ndi misomali, waya ndi maginito. Vuto la thabwa ndi limodzi: miyendo ya IC ndi yothithikana kwambiri moti singakwane pa misomali.

Apa ndi pomwe ya pulasitiki imapambana. Timabowo take tidatalikirana 2.54 mm, womwe ndi mtunda wa pakati pa miyendo ya IC ndi timapini ta Arduino kapena Raspberry Pi, timabolodi ta kompyuta tomwe mumatilembera pulogalamu nokha. Mukamatula pepala lomata pansi pake mudzapeza tizitsulo tating'ono tondandalikana, kalikonse kali ndi timilomo tisanu tomwe timapana chilichonse cholowa pa bowo. Mabowo asanu oyandikana, amene amalembedwa a mpaka e, ali pa kachitsulo kamodzi, ndiye kuti ndi olumikizana kale. Asanu a tsidya lina, f mpaka j, ali pa kachitsulo kawo. Pakati pali ngalande, ndipo tsidya ili ndi tsidya ilo sizigwirizana. Ngalandeyo idaikidwa kuti IC, monga yotchedwa 555, ya miyendo isanu ndi itatu, ikhale motangadza, miyendo inayi uku, inayi uko, mwendo uliwonse uli ndi mzere wakewake ndi mabowo anayi otsala oti mulumikizepo zina.

M'mbali muli mizere italiitali, wina wolembedwa chingwe chofiira, wina chabuluu. Imeneyi ndi yoyendetsa pozitivu ndi negativu. Utoto wofiirawo ndi utoto chabe, mulibe moto mpaka mutaubweretsa nokha. Ndipo pali msampha umene wagwira anthu ambiri: pa ma breadboard ena aakulu mizere italiitaliyi idadulidwa pakati. Theka la circuit limayaka, theka lina lili gwa. Yang'anani ngati chingwe cha utoto chadukiza pakati. Ngati chadukiza, ikani kawaya kodumphitsa. Yaikulu imakhala ndi mabowo 830, yapakati 400, ndipo kakang'ono ka mabowo 170 kalibe mizere ya m'mbali n'komwe.

Cholakwa choyamba cha wophunzira aliyense ndi kulowetsa miyendo yonse iwiri ya LED mumzere umodzi wa mabowo asanu. Magetsi amangodutsa pa kachitsulo ka pansi, LED n'kuilambalala. Chachiwiri n'chobisika, ndipo chimawononga breadboard mpaka kalekale: kukakamiza chinthu chonenepa m'kabowo. Miyendo ya diode zazikulu, nsonga ya multimeter (chida choyezera magetsi), waya wa magetsi a m'nyumba, zonsezi zimayasamitsa timilomo tija, ndipo tikayasama sitibwereranso. Tsiku lina mudzaikamo mwendo woonda wa resistor, uzidzangosambira m'menemo. Ine bowo lotere ndimalidetsa ndi cholembera kuti ndisadzaligwiritsenso ntchito. Kanthu kena kakang'ono: ma resistor amabwera atamatidwa pa timapepala kunsonga zonse ziwiri, ndipo guluu wake amatsalira pa miyendo. Dulani nsongazo musanalowetse, apo ayi mukulowetsa guluu m'timilomo.

Waya woyenera m'timabowomu ndi wa mtima umodzi wolimba, wonenepa pafupifupi 0.6 mm, umene pa malonda amaulemba 22 AWG. Wa tinthambo tambirimbiri umapindika pakhomo, ndipo kanthambo kamodzi kakaduka n'kutsalira m'kati kamatha kulumikiza mizere iwiri mobisa. Gwero lotchipa la waya wabwino ndi zidutswa za kebulo ya netiweki ya makompyuta, yomwe amayala m'makoma a maofesi. M'kati mwake muli mawaya asanu ndi atatu amitundumitundu. Ndi oonderapo pang'ono, 0.5 mm, koma amagwira. Kebulo yofewa yolumikizira laputopu ndi ya tinthambo, imeneyo isiyeni. Sendani mamilimita asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Mukasenda ndi lezala kapena mano n'kutema mkuwa pang'ono, waya adzathyokera pachipsera chomwecho, kachidutswa n'kutsalira m'bowo.

Timawaya tokongola tija

Ogulitsa ma Arduino amagulitsanso timawaya tamitundu tomatana makumi anayi ngati lamba, tokhala ndi timitu takuda kunsonga. Mutu wina ndi wamwamuna, uli ndi kapini. Wina ndi wamkazi, uli ndi kabowo. Amatitcha Dupont, dzina lochokera ku kampani ya DuPont, imene idagula Berg Electronics, yomwe inkapanga timitu ta mtundu umenewu. Tambiri tomwe tili pamsika lero tangotengera dzina ndi maonekedwe.

Timeneti tidandisowetsa tulo masiku awiri. Ndinkapanga kachipangizo koyeza madzi m'thanki ndi ESP32, kabolodi kokhala ndi WiFi. Nthawi iliyonse kakafuna kulowa pa netiweki kankazima n'kuyambiranso, ndipo pa kompyuta pankatuluka mawu oti "Brownout detector was triggered". Ndidasintha pulogalamu, ndidasintha chaja, ndidafika poganiza kuti bolodi ndi lakufa. Chimene chinkachitika n'chakuti ESP32 ikamatumiza uthenga imakoka moto wa ma mA mazana angapo kwa kanthawi kochepa, ndipo kawaya kofiira kamene kankabweretsa moto kankataya volt yambiri panjira. Nditakasenda ndidapeza tinthambo tochepa toonda ngati tsitsi, ndipo nditayandikiza maginito kadakakamira. Mkuwa sukokedwa ndi maginito. Chinali chitsulo wamba chopakidwa mkuwa pamwamba. Kuyambira pamenepo timawaya tatsopano ndimatiyesa ndi maginito a sipika yakale, ndikuyesa pakati pa waya, chifukwa timapini ta kunsonga nthawi zina timakokedwa ngakhale waya ali wabwino. Pa moto wodyetsa bolodi ndimaika waya wamfupi wodzisendera ndekha.

Mitu yachikazi nayo imatopa. Mukailowetsa ndi kuitulutsa kambirimbiri imayamba kuvuka yokha, ndipo mankhwala ake ndi kutaya.

Pali chinthu china chomwe chimapusitsa pafupifupi aliyense. Timabolodi tambiri ta ma sensor (toyeza zinthu monga kutentha kapena kuwala) ndi timasikirini timabwera ndi mapini ali padera m'kathumba. Munthu amangolowetsa mapiniwo m'mabowo a kabolodi, n'kubaya pa breadboard, n'kumayembekezera kuti zigwira. M'mabowo amenewo mulibe sipuling'i iliyonse; adapangidwa kuti adzazidwe ndi solder. Pini ina ikhudza, ina siikhudza, malinga ndi momwe kabolodi kapendekekera. Mukhoza kukapendeketsa ndi mphira kwa mphindi zochepa kuti muone ngati ndi kamoyo, koma osamangapo chilichonse. Gulani tokhala ndi mapini owotcherera kale, kapena pitani nako kwa amisiri a mafoni pamsika; ndi ntchito ya mphindi zisanu.

Breadboard ili ndi malire atatu. Oyamba ndi moto: musadutse 1 A, ndipo pa yotchipa theka lake ndi nzeru. Achiwiri ndi liwiro la signal. Tizitsulo toyandikana tija timachita ngati capacitor yaing'ono, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, ndipo mawaya ataliatali amatola phokoso ngati mlongoti wa wailesi. Pa 555 yothwanimitsa LED, pa mawu, pa ntchito zambiri za Arduino, palibe vuto. Koma mnyamata aliyense amalota kupanga kawailesi kake ka FM, kamene kamagwira pakati pa 88 ndi 108 MHz, ndipo pa breadboard kamasuntha siteshoni mukangoyandikiza dzanja. Mukapitirira 10 MHz musaidalire. Chimene chimathandiza pa ma circuit wamba ndi capacitor ya 100 nF pafupi penipeni ndi miyendo ya moto ya IC iliyonse, ndi mawaya aafupi ogona pansi m'malo mwa chisa cha mpheta. Malire achitatu ndi kugwedezeka. Chinthu chokwera njinga, chokhala pa kagalimoto ka loboti, kapena chonyamulidwa m'chikwama kupita nacho ku chionetsero cha sayansi kusukulu, chimafika china chake chitasolokamo.

Ng'ona, kupota ndi tepi

Zopanira za mano zija a ku Britain amazitcha dzina la ng'ona, a ku America dzina la msuweni wake wa kumeneko, alligator. Kampani ya Mueller Electric ya ku Cleveland ndi imene idatchuka nazo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ntchito yake ndi ya mphindi: kuyesa mota, kugwira mwendo wa chinthu pamene mukuyeza, kubweretsa moto pa chinthu chosalowa m'breadboard. Mano ake amaboola dzimbiri bwino, koma amagwira pa timalo tiwiri titatu, amaterereka, ndipo pakamwa pake n'posavala, moti ziwiri zikayandikana patebulo zimapsopsonana n'kuchita shoti. Zotchipa zili ndi chinsinsi chonyansa: vulani kachipewa ka pulasitiki, mudzapeza waya atangopindidwa pansi pa kachitsulo, osamangidwa bwino. Pa miyendo yothithikana ya IC pali tina tokhala ndi kambedza kotuluka mukadina ngati jekeseni, timene timagwira mwendo umodzi osakhudza unzake.

Zazikulu zake timaziona m'nyumba zambiri kumudzi, zitaluma batire la galimoto lodyetsa wailesi, TV ndi mababu. Batire lotere lili ndi 12 V yokha, siligwira munthu, n'chifukwa chake anthu amalipeputsa. Koma likachita shoti limatulutsa ma amp mazanamazana, okwanira kufiiritsa waya ndi kuyatsa denga la udzu. Likamatchajidwa limatulutsanso mpweya wa hydrogen, umene kamoto kothetheka pa chopanira kakhoza kuuphulitsa. Fyuzi pa waya wa pozitivu, pafupi ndi batire penipeni, ndi chinthu chotchipa kwambiri m'nyumba yonseyo.

Za kupota mawaya ndilankhule mosabisa, poti tonse tidachitapo, ena n'kukulunga ndi kachidutswa ka jumbo. Tsiku loyamba kumagwira bwino ndithu. Koma pa funso lija, loti chikusunga kukanikiza n'chiyani, yankho apa ndi lakuti palibe. Mkuwa ndi wofewa, umamasuka pang'onopang'ono, mpweya umalowa, ndipo guluu wa tepi yakuda amanyentchera ndi kutentha kwa mu October, tepi n'kuyamba kufunyululuka. Ngati palibe kuchitira mwina, potani monga ankachitira oyala mawaya a telegalafu ku America, njira imene mpaka lero imadziwika ndi dzina la Western Union. Sendani masentimita asanu mbali zonse, pingasani mawayawo, kenako nsonga ya uyu muikulunge mothina kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa thupi la uyo, ndi ya uyo pa thupi la uyu. Mfundo yotere ikakokedwa imathina m'malo momasuka. Ngati kebulo ili ndi mawaya awiri, musalumikize onse pamalo amodzi; wina mumudule motalikirapo kuti mfundo ziwirizo zisayang'anizane, tepi ikadzavuka zisadzakhudzane. Ndipo mkuwa ndi aluminiyamu musazipotere pamodzi. Pakakhala chinyezi ziwirizi zimadyana, aluminiyamu n'kusanduka ufa woyera.

Sikuluwu, sipuling'i ndi kufinya

Moto ukakula, kapena chinthu chikafunika kukhala miyezi, timasamukira ku zomanga ndi sikuluwu. Zodziwika ndi zija zoyera zobwera mumzere wa khumi ndi ziwiri, zimene mumadula ndi mpeni monga mufunira. Angelezi adazipatsa dzina la chokoleti chifukwa cha kadulidwe komweko. Zina ndi zobiriwira kapena zabuluu zokhala pa timabolodi ta relay ndi pa ma controller a sola. Zimagwira mwamphamvu, koma zili ndi makhalidwe ake. Nsonga ya sikuluwu imadula tinthambo mukamanga mopitirira. Kanthambo kamodzi kotsalira kunja ngati ndevu kamakakhudza waya woyandikana naye. Ndipo pakatha masabata angapo mkuwa umaphwatalala pansi pa sikuluwu, choncho bwererani mukamangenso. Ena amapaka solder kunsonga ya waya kuti tinthambo tigwirane asanamange. Musatero, solder ndi wofewa kuposa mkuwa, amathawa pansi pa sikuluwu, polumikizira n'kulobodoka. Choyenera ndi kachubu kachitsulo kotchedwa ferrule, kovekedwa kunsonga n'kufinyidwa. Mukamakulunga waya pa mutu wa sikuluwu, mukulungireni mbali imene sikuluwu imazungulira pomanga, kuti izimukokera m'kati.

Kampani ya Wago ya ku Minden, m'dziko la Germany, idathetsa vuto lomanganso poika sipuling'i m'malo mwa sikuluwu. Zolumikizira zake za mtundu wa 221 zili ndi timipini ta lalanje: kwezani kampini, lowetsani waya wosendedwa 11 mm, tsitsani. Zimalandira waya wolimba ndi wa tinthambo womwe, kuyambira woonda wa 0.2 mm² mpaka 4 mm², zidayesedwa kufika 32 A, ndipo n'zoonekera m'kati moti mumaona ngati waya wafika kumapeto. Mkuwa ukaphwatalala sipuling'i imautsatira. Pa mawaya a sola ya 12 V, kapena pogawa moto ku zinthu zingapo patebulo, ine sindidapeze chozipambana. Mtengo wake ndi wowawa, ndipo zongofanizira zadzaza pa intaneti. Zimenezo zisungireni ntchito za moto wochepa.

Kufinya, kumene amisiri amati crimp, ndi njira yomwe opanga magalimoto amadalira. Mukatsegula mawaya a galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza, mitu yake pafupifupi yonse ndi yofinya, chifukwa solder amaumitsa waya pamalo amodzi ndipo kugwedezeka kwa pamsewu kumamuthyolera pomwepo. Chofinyira chabwino chimapanikiza tinthambo ndi mutu mpaka mpweya kusowa polowa. Mitundu ya pulasitiki pa mitu ili ndi tanthauzo: yofiira ndi ya waya wa 0.5 mpaka 1.5 mm², yabuluu 1.5 mpaka 2.5, yachikasu 4 mpaka 6. Kuphwanya mutu ndi pulayala kapena kuutswanya ndi mwala kumangouphwatalalitsa. Mukamaliza kokani mwamphamvu. Waya akasoloka m'manja mwanu, osati pamsewu, mwapulumuka.

Njira yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi imene anthu adaiiwala. Akatswiri a matelefoni a ku Bell Labs, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, adapeza kuti waya woonda akakulungidwa mothina pa kapini ka ngodya zinayi, ngodyazo zimaluma mkuwa, ndipo kukokeka kwa waya kumasunga kulumako kwa zaka. Kukulunga kasanu ndi kawiri pa ngodya zinayi kumapereka malo olumana pafupifupi 28, onse osalowa mpweya. Makompyuta akuluakulu a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankalumikizidwa chonchi, kuphatikizapo mbali ina ya kompyuta ya chombo cha Apollo chomwe chidafikitsa anthu ku mwezi mu 1969. Chida chake chili ngati cholembera chokhala ndi timabowo tiwiri kunsonga: ka m'mbali kolowa waya, ka pakati kolowa pini. Waya wake ndi 30 AWG, woonda 0.25 mm. Chosangalatsa n'chakuti mapini a Raspberry Pi ndi a timabolodi ta ma sensor ndi a ngodya zinayi. Mukhoza kulumikiza sensor ndi bolodi mwachindunji, osagwedera ngati Dupont, ndipo mukafuna kumasula mumangozungulira chobwerera. Pa miyendo yobulungira ya resistor sizigwira, poti palibe ngodya yoluma, ndipo waya woonda chotero ndi wa signal, osati wa mota.

Zinthu ziwiri zisayandikire njira zongoyembekezerazi. Magetsi a pakhoma, 230 V, asalowe pa breadboard, pa ng'ona, kapena pa mawaya opota ali poyera patebulo, amapha. Ngati Arduino yanu iyenera kuyatsa babu la m'nyumba, mbali ya 230 V ikhale m'bokosi lotseka, yomangidwa ndi wodziwa ntchitoyo. Chachiwiri ndi mabatire a lithium a 18650, amene anthu amachotsa m'mabatire akale a laputopu. Lodzaza lili ndi 4.2 V yokha, koma pa shoti limatulutsa ma amp makumi ndipo likhoza kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Thupi lake lonse pansi pa pulasitiki ndi negativu, ndipo limafika m'mphepete mwenimweni mwa pozitivu, moti waya womatidwa ndi tepi akasuntha pang'ono pa batire long'ambika chovala, shoti yachitika. Liikeni m'kabokosi kake ka masipuling'i.

Posaka polumikizira poipa, kulira kwa multimeter kusakunamizeni. Ambiri amalira ngakhale pali ma ohm makumi angapo, pomwe taona kuti theka la ohm ndi lokwanira kusokoneza mota. Yezani circuit ikugwira ntchito. Ikani multimeter pa ma volt, nsonga ina mbali iyi ya polumikizira, ina mbali inayo. Pabwino pamaonetsa pafupifupi ziro. Pakaonetsa 0.2 V kapena 0.5 V, mwamugwira. Kenako gwedezani mawaya mmodzimmodzi ndi kamtengo ka machesi mukuyang'ana nambala. Pa circuit ya batire mungathenso kuyendetsa chala. Polumikizira pofunda ndi podwala. Ndipo circuit ikagwira, ijambuleni ndi foni musanakhudze kalikonse, chifukwa waya mmodzi akadzasoloka pa mabowo 830, kukumbukira komwe adali ndi maula.

Pawindo la chipinda changa padakhala kanyale kodziyatsa kukada, ka transistor imodzi, LDR (kachipangizo komva kuwala) ndi ma LED atatu, komwe ndidakapanga pa breadboard Loweruka lina ndi cholinga chokawotcherera Lolemba. Kadakhala pomwepo chaka ndi miyezi. Mvula yachiwiri itafika mu January kadayamba kuphethira, kenako kuyaka pokhapokha wina akamenyetsa chitseko. Nditakatsitsa ndidapeza miyendo ya ma resistor itabiriwira pomwe imalowera m'mabowo, ndipo nditamatula pepala la pansi, nyerere zidatuluka mumzere wa negativu zitanyamula mazira awo.